Mutu ukakula sulewa nkhonya: za mnyamata wa mizinga ku Vietnam

Abale anga a pamsika, sabata ino ndale za kuno kwathu ndaziika kaye pambali. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunong'onezana kuti mnyamata uja wadya chibanzi, paja kuno munthu ukangopumira sabata imodzi osakalipira andale, basi ati wagulidwa. Sindinadye kanthu ine, nsapato zanga ndi zomwe zija mumaziseka zija. Kungoti ndili ndi nkhani ya kutali yomwe yandikhala pamtima, ndipo mukaimva mpaka kumapeto muona nokha ngati ili kutalidi.

Lachiwiri lapitali mvula inanditsekereza kuseri kwa msika, ndiye ndinathawira m'chisakasa cha vidiyo. Munali fungo la thukuta ndi chimanga chootcha, ndipo ankaonetsa Rambo, yemwe uja wa kansalu kumutu, akupha asilikali a ku Vietnam ngati akutola ngumbi. Munthu mmodzi, malaya alibe, zipolopolo zosatha, anzake mazanamazana akungogwa. Anyamata onyamula katundu amachita kuimirira n'kumaomba m'manja. Ndiye bambo wina wogulitsa kaunjika amene tinakhala benchi imodzi anandigwira paphewa. "Aise, iwe wolemba nyuzi iwe, zimenezi zidachitikadi?"

Ndinawayankha kuti nkhondoyo idachitikadi, koma Rambo ndi wa m'mutu mwa opanga mafilimu. Ndinawalonjeza kuti ndiwalembera za msilikali weniweni amene adatsaladi yekha pakati pa adani ku Vietnam komweko, iwo n'kunena kuti ndikalembadi anditsitsira mtengo wa jekete ina yomwe ndakhala ndikuizungulira mwezi wathunthu. Bambo, lonjezo lija ndi ili. Mwina mukhumudwa pang'ono, chifukwa wangayu sadapambane nkhondo, sadamalize gulu lonse la adani, ndipo pamapeto pake adatuluka m'tchire atafookeratu ngati mwanapiye wonyowa. Dzina lake Brian Thacker.

Tiike kaye zinthu m'malo mwake. Dziko la Vietnam lidagawidwa pawiri mu 1954, Afalansa amene ankalilamulira atagonja pa Dien Bien Phu. Kumpoto kudapita kwa Ho Chi Minh ndi chikomyunizimu chake, kummwera kudatsala boma lotsamira pa Amereka. Amereka idayamba ndi kutumiza alangizi, mu 1965 idatumiza asilikali omenya nkhondo enieni, ndipo pofika 1969 adali atapitirira 540,000. Anthu kwawoko atatopa ndi kulandira mabokosi a maliro, Pulezidenti Richard Nixon adayamba kubweza anyamata ake pang'onopang'ono n'kumasiyira nkhondoyo asilikali a South Vietnam. Ndiye mu 1971, chaka cha nkhani yathuyi, msilikali aliyense wa Amereka amene adali kumeneko ankadziwa kuti mabwana akulongedza kale. Taganizani inu kugulitsa pa benchi yomwe mwauzidwa kale kuti igumulidwa. Mungaikhomerenso msomali watsopano? Mungaiferenso?

Thacker adabadwa pa 25 April 1945 ku Columbus, m'chigawo cha Ohio. Atamaliza koleji ku Utah adalowa usilikali ngati ofesala, m'gulu la mizinga lotchedwa 92nd Artillery. Udindo wake unali First Lieutenant, ndiye kuti mwa maofesala ali chapansi ndithu, pamwamba pake pali kaputeni, meja, mpaka kukafika kwa majenerali a nyenyezi pamapewa. Zaka 25 zokha. Kuno kwathu msinkhu umenewo pamaliro amakutuma kukatema nkhuni, sakupatsa mpando.

Adamutumiza pa kamsasa kotchedwa Fire Base 6, pamutu pa phiri m'chigawo cha Kontum, kufupi ndi Dak To, kumene malire a Vietnam, Laos ndi Cambodia amakumana. Kumeneko kudali kofunika chifukwa njira ya m'nkhalango imene a kumpoto ankadutsitsamo asilikali ndi zida, yotchedwa njira ya Ho Chi Minh, inkadzera tsidya la malire omwewo. Misasa yotere ankaimanga motere: amagwetsa mitengo pansonga pa phiri, kukumba maenje, kuunjika matumba a mchenga, kuzunguliza waya waminga, n'kuikapo mizinga. Madzi, chakudya, zipolopolo, makalata a kwanu, zonse zimadalira helikoputa. Ikalephera kutera, mwagona choncho. Pansi ponse ndi nkhalango, ndipo m'nkhalangomo muli anthu amene akukuonani inu osawaona.

Ambiri pa phiripo adali asilikali a South Vietnam, okhala ndi mabwana awoawo ndi chilankhulo chawochawo. Thacker adali ndi kagulu kochepa ka Amereka, kosakwana zala za manja awiri. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ambiri mwa anthu amene adawalimbitsa mtima tsiku lovuta lija sadali antchito ake, ndipo sakadatha kuwaopseza kuti awadula malipiro.

Ntchito yake ndiifotokoze bwino, chifukwa mukapanda kuimvetsa nkhani yonse ikupitani. Mzinga si mfuti ya m'manja yoti uloze chomwe ukuchiona. Woombera mzinga amakhala kutali, makilomita khumi kaya kuposerapo, kuseri kwa mapiri ena, ndipo amene akumuombayo samuona n'komwe. Amadalira munthu wina amene ali pamalo ookera, ali ndi mapu ndi wailesi yolankhulirana. Ameneyo ndiye maso a mzinga. Mapu a asilikali amakhala ndi timizere todutsana, ndipo malo aliwonse ali ndi manambala ake. Woonayo amawerenga manambala a pamene pali adani, a ku mizinga amawerengetsera n'kuomba chipolopolo chimodzi, iye amaona pamene chagwera n'kuwauza kuti onjezerani pang'ono, bwererani, pitani kumanzere. Chikagwera pamalo pake, ndiye amati tsanulani. Mizinga ya gulu la Thacker inali ya 155mm, ndipo chipolopolo chake chimodzi chimalemera makilogalamu oposa 40. Amayi a chimanga mukudziwa kulemera kwa thumba la 50. Ndiye taganizani thumba limenelo lili lachitsulo, m'kati muli onga, likutsika kuchokera kumwamba. Woona uja akalakwitsa nambala imodzi, thumbalo limagwera pa anzake.

Pa 31 March 1971, m'bandakucha, asilikali a North Vietnam adakwera phiri lija. Adali ochuluka kwambiri kuposa a pamwambawo ndipo adali atakonzekera bwino. Adabwera ndi maroketi, mabomba a m'manja, mfuti za chiwaya ndi zida zolavula moto weniweni, zotentha munthu ali m'dzenje momwemo. Adaboola mpanda n'kulowa m'kati, mpaka nkhondo idafika pogwirana ndi manja. Ena mwa anyamata a Thacker adafera pomwepo tsiku limenelo. Mahelikoputa amene adayesa kudzathandiza adagwetsedwa.

Apa ndi pamene munthu amadziwika. Woona wa mizinga sangaone kanthu ali m'dzenje mutu uli pansi. Kuti aone ayenera kukhala poonekera, ndipo poonekera pamenepo nayenso amaonedwa. Chikalata cha boma chofotokoza za tsikuli chimati Thacker adakhala pamalo oonekera otere maola anayi, akuuza ndege pamene zigwetse mabomba ndi mizinga pamene iombe. Maola anayi! Kuchokera nthawi yomwe mumatsegula benchi mpaka dzuwa litafika pamutu. Ine mfuti ikangolira kamodzi ku sitediyamu ndimapezeka ndili kale kwathu, nsapato imodzi nditaisiya m'njira. Ndipo pakati pa zimenezo adali akulimbitsa mtima asilikali a mitundu iwiri ija kuti asabalalike. Asilikali akabalalika aliyense payekha, adani amangowatola mmodzimmodzi ngati nkhuku zothawa mphamba.

Pofika chakumadzulo zidaonekeratu kuti phiri lapita. Ndimamulemekeza mnyamatayu pa ichinso, kuti adavomera. Alipo atsogoleri amene zinthu zikavuta amauma khosi, kumangokuwa kuti tifera pompano, chifukwa akuopa manyazi okanena kwa mabwana kuti talephera. Manyazi a munthu mmodzi amakwiriritsa anthu makumi. Thacker adasonkhanitsa otsala, n'kukonza kuti atsike phiri mwadongosolo.

Koma kuthawa nkhondo kuli ndi vuto lake. Ukatembenuka, msana wako uli kwa mdani. Anthu akutsika phiri, ena ovulala, ena onyamula anzawo, mdani akangoima pamwamba amangowaombera ngati akusewera. Pamafunika wina atsale kumbuyo aziomba, kuti adani aziweramitsa mitu anzakewo akutalikira. Ndipo aliyense amadziwa kuti wotsalayo mwayi wake ndi wochepa. Mwa lamulo la usilikali ofesala atha kuloza msilikali wamba n'kunena kuti iwe, tsala. Palibe akadamuimba mlandu. Thacker sadaloze munthu. Adatsala yekha m'kati mwa mpandamo ndi mfuti yake ya M-16, akuomba mpaka womaliza atatuluka.

Kenako adatenga wailesi ija n'kuwerenga manambala a pamene iye mwini adaima.

Ndikufuna muime pamenepa pang'ono, ngakhale kasitomala akudikira. Munthuyu ntchito yake yonse inali yosamala kuti chipolopolo chisagwere pa anthu ake. Ankadziwa bwino kuposa wina aliyense paphiripo chomwe chitsulo chija chimachita chikatera. Uyu sadali woledzera kapena wosokonezeka mutu, adawerengetsera ngati mmene inu mumawerengetsera phindu pa dengu la tomato. Adani adzaza pamwamba pa phiri. Anzanga ali m'munsimu, akufunika mphindi zingapo kuti atalikire. Chimene chingawagulire mphindizo ndi mizinga kugwera pano. Pano pali ine. Adaona kuti mtengo wake ndi umenewo, ndipo adalipira osanenerera. Ndimaganiziranso anyamata a ku mizinga aja amene adalandira manambalawo. Adayang'ana pa mapu n'kuona kuti malo akuuzidwa kuombawo ndi omwewo kukuchokera mawu.

Sadafe. Adavulala, ndipo njira yotsatira anzake inali itatsekeka. Adakabisala m'nsungwi zowirira chapafupi pomwepo, pakati pa adani, ndipo adakhala mmenemo masiku asanu ndi atatu, wopanda chakudya, wopanda potunga madzi. Gawo limeneli mu filimu sangaliike, chifukwa ndani angalipire pakhomo kuti akaonere munthu atangogona chete sabata yathunthu? Komatu kwa ine apa ndiye povuta kuposa maola anayi aja. Pa nkhondo magazi amakhala atatentha, thupi limachita zinthu lokha. M'nsungwi muja mudalibe womuona, mudalibe womulimbitsa mtima. Kutsokomola sungatsokomole, kutembenuka uchite kuganizira kaye, nyerere zikuyenda pabala uzingoziyang'ana. Ndipo a mbali yake yomwe ankaponya mabomba m'dera lomwelo pofuna kulanda phiri lija, osadziwa kuti mnyamata wawo ali moyo m'tchiremo. Agogo athu ena amene adapita ku Burma ndi KAR pa nkhondo yachiwiri ankazidziwa nkhalango za ku Asia, ndipo ambiri adabwera osafuna kuzikamba. Patapita masiku asanu ndi atatuwo Thacker adatuluka n'kufika kwa asilikali a mbali yake, amene adali atalandanso phirilo.

Tsopano mundifunsa kuti zikutikhudza bwanji ife a tomato ndi kaunjika. Ndikuuzani zomwe ndidaona ndi maso anga, dzina la msika ndi la munthu ndisunga. Zaka zingapo zapitazo, m'tauni ina muno, ogulitsa m'mbali mwa msewu adali ndi wapampando wawo. Bambo wa mawu ake, wa jekete ngakhale kutenthe. Loweruka lililonse ankatolera ndalama, ati za chitetezo, ndipo pamsonkhano ankadziguguda pachifuwa kuti tsiku lobwera galimoto zodzakuthamangitsani, adzayamba aponda ine. Tsikulo lidafika, m'mawa kusanayere bwino. Anthu pothamanga kukafuna wapampando adapeza malo ake ali mbee, ngakhale pepala la shuga panalibe. Katundu wake adali atasamutsa dzulo lake usiku. Wina adamutsina khutu, iye osatsinako ngakhale mmodzi mwa anthu amene ankamupatsa ndalama zawo.

Amene ndidamuona akubwerera m'chipwirikitimo adali mnyamata wa wilibala, wopanda udindo uliwonse, amene pamsonkhano sankapatsidwa n'komwe mpata wolankhula. Adathawitsa madengu a mayi wina wokalamba, n'kubwereranso kudzatenga a wina, ulendo wachitatu adamugwira n'kumulanda wilibala yomwe inali yobwereka. Patatha sabata ziwiri wapampando uja adatulukira, ati adali ku maliro kumudzi, ndipo mudamusankhanso. Inde, mudamusankhanso, musayang'ane kumbali. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ife timasankha mitu yodziwa kulewa, nkhonya n'kumagwera pa ife a kumbuyo.

Wina asandimve molakwa n'kumati mtolankhani uja wayamba kutamanda nkhondo ya Azungu. Anyamata amene ankakwera phiri lija m'bandakucha adali m'dziko lawo, ndipo nawonso adali ndi amayi awo owadikira. Kukwera phiri mizinga ikugwa nakonso kumafuna chiwindi, kungoti mayina awo sadafike m'mabuku amene amafika kuno. Amereka idataya anthu oposa 58,000 pa nkhondoyi, pamene boma la Vietnam lidalengeza mu 1995 kuti kwawoko adafa anthu pafupifupi 3 miliyoni, ambiri mwa iwo anthu wamba. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Ndipo yunifolomu yomweyo idavalidwanso ndi ena a mtima wina. Tsiku lomwelo la 31 March 1971, Thacker ali paphiri paja, khoti la asilikali ku Fort Benning ku Amereka linkagamula lefutenanti mnzake, William Calley, kuti akakhale kundende moyo wake wonse. Mlandu wake unali wa ku mudzi wa My Lai, kumene pa 16 March 1968 asilikali a Amereka adapha anthu wamba mazanamazana, amayi, ana ndi nkhalamba. A Vietnam amawerenga anthu 504. Calley adapezeka wolakwa pa imfa za anthu 22, ndipo mwa onse okhudzidwa adamangidwa ndi iye yekha. Nixon adalamula kuti amuchotse m'ndende akakhale pa ukaidi wosachoka panyumba, ndipo pofika 1974 adali mfulu. Malefutenanti awiri, msinkhu wofanana, nkhondo imodzi. Winayo adagwiritsa udindo wake kuuza anyamata ake kuti ombani, kutsogolo kuli ana. Winayu adaugwiritsa kuuza anyamata ake kuti pitani, nditsala ine.

Pa 15 October 1973 Nixon yemweyo adamuveka Thacker mendulo yotchedwa Medal of Honor, yomwe ndi yapamwamba kuposa zonse kwa msilikali wa Amereka. Nthawi imeneyo n'kuti dera la Dak To litagwa kale m'manja mwa a kumpoto mu April 1972, ndipo Amereka itasaina kale pangano la ku Paris mu January 1973 n'kuchotsa asilikali ake. Phiri lomwe anthu adaferapo lija lidapita ndithu. Chomwe chidatsala ndi anthu aja adatsika amoyo madzulo a tsiku lija. Thacker mwiniwake atavula yunifolomu adakagwira ntchito zaka zambiri ku nthambi ya boma yosamalira asilikali akale.

Nanga akuluakulu a nkhondoyo adachita bwanji nthawi yawo yotsika phiri itakwana? Mu April 1975 asilikali a kumpoto atayandikira Saigon, Pulezidenti wa South Vietnam, Nguyen Van Thieu, adatula udindo pa 21, akuuza mtundu wake pa kanema kuti kutula udindo si kuthawa. Patangopita masiku anayi adakwera ndege usiku kupita ku Taiwan, ndipo adakamwalira ku Boston mu 2001 ali nkhalamba. Amene adakhalapo wachiwiri wake, Nguyen Cao Ky, adauza khamu la anthu kuti othawa ndi amantha, koma pa 29 April naye adakwera helikoputa n'kukatera pa sitima yankhondo ya Amereka. M'mawa wa pa 30 April helikoputa yomaliza idanyamuka pa ofesi ya kazembe wa Amereka, kusiya anthu mazana angapo ali pabwalo akuyang'ana kumwamba, atawalonjeza kuti ina ikubwera. Asilikali wamba a kummwera, anzawo a aja adali ndi Thacker paphiri paja, ankavula yunifolomu m'misewu n'kumathawa ndi kabudula wamkati. Usiku womwe Thieu ankakwera ndege uja, pa 25 April 1975, Thacker ankakwanitsa zaka 30.

Bambo a kaunjika, mbali yanga ndakwaniritsa. Loweruka m'mawa ndikupezani, ndipo jekete ija musandiuze kuti yagulidwa.